Mbiri ya Lamulo Loletsa Chipongwe

Munthu wokhala ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe akafuna kuona Nyumba ya Malamulo safunika galimoto, pakuti ili pafupi, ndipo ayenda pansi nafika. M'nyumba imeneyo, m'chaka cha 2013, aphungu anavomereza lamulo lolongosola tanthauzo la chipongwe chimene munthu achitira mnzake pa nkhani za kugonana, monga kumunena mawu olaula, kumugwiragwira, kapena kumuumiriza chibwenzi. Lamulo limeneli silinagwe kumwamba ngati mvula. Linadzera njira yaitali, ndipo amene adziwa njirayo ndiye amvetsa bwino zimene lamulolo linena.

Makolo athu ankachidziwa chipongwe. Mnyamata wotsekereza namwali panjira ya kuchitsime, kapena wosuzumira akazi posamba, ankamuitanira kubwalo, ndipo abale ake ankalipa nkhuku kapena mbuzi monga mwa kukula kwa mlandu. Koma pabwalopo wolankhula sanali mkazi wolakwiridwayo ayi. Ankamulankhulira ndi mwini mbumba, ndiye malume wake kapena mlongo wake, kapenanso mwamuna wake. Dipo likaperekedwa ankati mlandu watha, ngakhale mtima wa mwini wake usanakhale pansi.

Lamulo lolembedwa linadza ndi Boma la Angerezi. Buku lalikulu la milandu, lotchedwa Penal Code, linayamba kugwira ntchito m'dziko la Nyasaland m'chaka cha 1930, ndipo likugwirabe ntchito, ngakhale lakonzedwa kambirimbiri. Ndime 137 ya bukulo, monga inalembedwa poyamba, inanena za munthu wogwira mkazi mosayenera. Inanenanso za munthu amene, pofuna kunyazitsa mkazi, atulutsa mawu kapena phokoso, achita chizindikiro, aonetsa kanthu, kapena alowerera mkaziyo pamalo pamene ali payekha. Wolakwa pa zinthu zachiwirizi chilango chake chinali chaka chimodzi m'ndende. Mawu a ndimeyi afanana kwambiri ndi a m'malamulo amene Angerezi analembera dziko la India m'chaka cha 1860, kotero kuti tingati anachita kuwanyamula kuwoloka nawo nyanja.

Lamulo limeneli linali lothandiza ndithu, koma linali ndi mipata iwiri. Mpata woyamba unali pa mawu akuti "pofuna". Woimba mlandu anayenera kuonetsa kuti wolakwa anafunadi kunyazitsa mkaziyo. Nanga mumtima mwa munthu aonamo ndani? Wolakwa akanena kuti, "Ine ndimangoseka naye," mlandu unkayamba kuterera. Mpata wachiwiri unali wakuti mawu aja anateteza mkazi yekha. Mnyamata wovutitsidwa ndi mawu otere ndi mkulu wake wa pantchito analibe pogwira.

Titalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, zinthu zinatembenukira kwina. M'chaka cha 1973 Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linaika lamulo la kavalidwe, lotchedwa Decency in Dress Act. Linaletsa akazi kuvala mabuluku pagulu, ndiponso masiketi osaphimba maondo. Amuna nawonso ankaletsedwa kuweta tsitsi lalitali. Ena a inu awerengi mukumbukira masiku amenewo. Ine ndiganiza kuti choipa chachikulu cha lamulolo sichinali pa nsalu, koma pa phunziro limene linasiya m'mitu mwa anthu, lakuti mkazi akachitidwa chipongwe tiyambe tayang'ana chimene wavala. Lamulolo linafafanizidwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri pa 14 June 1993, koma phunziro lija linatsalira. Ife aphunzitsi tidziwa kuti kufufuta choko pabolodi n'kosavuta, koma zimene mwana waloweza kale safufutika nazo msanga.

Malamulo Aakulu oyendetsera dziko a 1994 anatchula nkhaniyi ndi dzina. Ndime 19 inena kuti ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa. Ndime 24 ilamula kuti pakhale malamulo othetsa miyambo ndi machitidwe opondereza akazi, ndipo pakati pa machitidwewo itchula nkhanza ndi chipongwe. Limeneli linali lonjezo chabe, ndipo zinapita zaka 19 lisanakwaniritsidwe kwathunthu.

Lonjezolo lisanakwaniritsidwe kunachitika chinthu chochititsa manyazi. M'mwezi wa January 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe anayamba kugwira akazi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi, nawavula pamaso pa anthu, nati aphwanya mwambo. Khalidweli linamvekanso ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Akazi a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo, amene ulendo wawo wa kumsika ndi kuntchito udzera pakati pa mzinda, anayenera kuyamba aganiza za chovala asanatuluke pakhomo. Taonani, lamulo la kavalidwe linali litafa zaka zoposa 17, koma anyamatawo ankalisunga ngati lili moyo. Pulezidenti Bingu wa Mutharika analankhula kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene afuna. Pa 20 January anthu ochuluka anasonkhana ku Blantyre kutsutsa zimenezi, ndipo pakati pawo panali Mayi Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa Pulezidenti.

M'mwezi wa April chaka chomwecho Mayi Banda anakhala Pulezidenti, ndipo m'nthawi yawo, mu 2013, lamulo lotchedwa Gender Equality Act linavomerezedwa. Akatswiri a malamulo anali atayamba kale kulikonza, koma zochitika m'misewu zija zinaonetsa aliyense kufunika kwake.

Tsono timve bwino ndime 6 ya lamuloli, pakuti ndiyo mutu wa nkhani. Inena kuti munthu wachita chipongwe ngati achitira mnzake chinthu chokhudza za kugonana chimene mnzakeyo sachifuna, kaya ndi mawu, kaya ndi zizindikiro, kaya ndi kumugwira, pamene munthu woganiza bwino, poona zonse, akadazindikiratu kuti winayo akhumudwa, achita manyazi, kapena achita mantha. Muone kuti mawu aja akuti "pofuna" mulibemo. Bwalo silifunsanso zimene zinali mumtima mwa wolakwa. Lifunsa mafunso awiri: kodi mwini wake anazifuna? Kodi munthu wanzeru zake akadaona kuti zimupweteka? Chotero kunena kuti "ndimangoseka naye" sikuthandizanso. Muonenso kuti ndimeyi inena za munthu, osati za mkazi yekha, ndipo sitchula chovala ngakhale pang'ono. Kondakitala woimba mluzu ndi kulaulira mayi pokwera minibasi, kapitawo wolonjeza ntchito pofuna chibwenzi, mphunzitsi wosinthanitsa malikisi ndi thupi la mwana wasukulu, onsewa lamulo liwayesa ndi muyeso umodzi. Chilango chimene chinalembedwa ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende.

Sikuti kufunsira mbeta kwaletsedwa. Mnyamata wofunsira mwaulemu sanalakwe. Mlandu uyamba pamene mawu ake ali olaula, kapena pamene wakanidwa koma alimbikirabe kufikira mnzake aopa kudutsa njira imeneyo.

Pamene mafoni a m'manja anachuluka, chipongwe chinalowanso m'menemo. Chifukwa chake m'chaka cha 2016 panadza lamulo lina, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, loletsa kuvutitsa munthu ndi mauthenga olaula kapena oopseza kudzera pa foni ndi pa intaneti.

Lamulo la 2013 lija lipatsa Boma udindo woona kuti olemba anthu ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo otere, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa ntchito yoyang'anira kuti lamulolo likutsatidwa. Koma ndime 7 iwonjeza chinthu chimene antchito ambiri sachidziwa: wolakwiridwa sakakamizidwa kudikira kuti akuluakulu a pantchito pake amalize kukambirana. Angathe kupita kubwalo la milandu, kapena kupolisi, kumene kuli ofesi yolandira anthu ochitidwa nkhanza. Kwa anthu a ku Area 18 polisi yapafupi ndi ya Lingadzi.