Ma enzayimu ndi chifukwa chomwe thupi limasungira muyeso wake

Mayi wodziwa kuphika thobwa sathira chimera m'phala lomwe likubwata. Amayamba waliphula, kulisiya kuti lipoleko, ndipo likafika pofunda ndi pomwe amathiramo chimera cha mawere kapena cha chimanga. Pakapita maola angapo, phala lolimba lija limasanduka lamadzimadzi komanso lotsekemera ngakhale kuti simunalowe shuga. Chomwe chimagwira ntchito imeneyi ndi enzayimu yotchedwa amylase yomwe imapezeka m'chimera. Iyo imadula sitachi wa mu ufa kukhala shuga, koma ikagwera m'phala lotentha kwambiri imaonongeka ndipo thobwalo silikoma.

Zomwe zimachitika mumphika wa thobwa ndi zomwezo zimene zimachitika m'thupi la munthu usana ndi usiku. Ma enzayimu, omwe ambiri mwa iwo ndi mapuloteni, amafulumizitsa kusintha kwa zinthu m'thupi popanda iwo eni kutha. Kugaya chakudya, kutulutsa mphamvu m'maselo, kuphwanya mankhwala m'chiwindi ngakhalenso kuundana kwa magazi pa bala, zonsezi zimadalira iwo. Akatswiri awiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, ndiwo anayamba kupatula enzayimu m'chaka cha 1833, ndipo anaitenga m'chimera cha balere. Amylase imapezekanso m'malovu, n'chifukwa chake nsima imayamba kutsekemera munthu akaitafuna nthawi yaitali.

Enzayimu iliyonse ili ndi ntchito yakeyake. M'chaka cha 1894, Emil Fischer wa ku Germany anayerekeza izi ndi loko ndi kiyi wake: pa enzayimu pali kamalo kokhala ndi maonekedwe apadera, ndipo chinthu chokhacho chomwe chingakwane pamenepo ndicho chimasinthidwa. M'chaka cha 1958, Daniel Koshland wa ku America anawonjezera kuti kamaloko sikouma ngati chitsulo, koma kamapindika pang'ono kuti kagwire bwino chinthucho. Ntchito ikatha, enzayimu imasiya zomwe yapanga n'kugwira china. Liwiro lake ndi lodabwitsa. Carbonic anhydrase, yomwe ili m'maselo ofiira a magazi ndipo imathandiza kunyamula mpweya woipa kupita nawo ku mapapo, imatha kubwereza ntchito yake pafupifupi ka 1 miliyoni pa sekondi imodzi.

Pamaonekedwe pomwepo ndi pomwe pagona kufooka kwa ma enzayimu. Kukazizira kwambiri amagwira ntchito mochedwa, ndipo kukatentha mopitirira muyeso amakhwinyata monga momwe choyera cha dzira chimaumira pamoto, moti kiyi uja salowanso. Kuchuluka kwa asidi nakonso kumawasokoneza. Asayansi amayeza asidi ndi muyeso wotchedwa pH, pomwe 7 ndi pakatikati ndipo nambala yotsika imasonyeza asidi wambiri. Pepsin, yomwe imagaya mapuloteni a nyama ndi nyemba m'chifu, imafuna pH ya pafupifupi 2, pomwe amylase ya m'malovu imaleka kugwira ntchito ikakumana ndi asidi yemweyo. Chakudya chikamalowa m'matumbo aang'ono, kapamba, chiwalo chomwe chili kuseri kwa chifu, amathiramo madzi okhala ndi bicarbonate kuti achepetse asidiyo ndipo ma enzayimu ena apitirize ntchito.

Poti ma enzayimu ndi osachedwa kuonongeka chonchi, thupi limayenera kusunga kutentha, asidi, shuga, madzi ndi mchere pamuyeso umodzi, kaya kunja kukhale chisanu cha mu June ku Dedza kapena dzuwa la mu October ku Nsanje. Mfundoyi anaiyambitsa ndi Claude Bernard wa ku France m'zaka za m'ma 1800, ndipo Walter Cannon wa ku America anaipatsa dzina loti homeostasis m'chaka cha 1926. Kayendetsedwe kake n'kofanana paliponse: pali gawo lomwe limamva kusintha, lina lolamula, ndi lina lochitapo kanthu kuti zinthu zibwerere m'chimake. Zikabwerera, lamulo lija limaima.

Pa nkhani ya kutentha, wolamula ndi kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, komwe kamasunga thupi pa madigiri pafupifupi 37. Thupi likatentha, mitsempha ya magazi ya pakhungu imatseguka ndipo thukuta limatuluka n'kuuma, potero kuchotsa kutenthako. Likazizidwa, mitsemphayo imafinyika ndipo munthu amanjenjemera kuti minofu ipange kutentha. Kutentha thupi kwa munthu wodwala malungo n'kosiyana pang'ono, chifukwa apa ubongo umakweza dala muyeso uja pofuna kulimbana ndi tizirombo. Ichi n'chifukwa chake wodwala amamva kuzizidwa ndi kunjenjemera pomwe thupi lake lili moto. Koma kutentha kukadutsa madigiri 40 mpaka 41, makamaka pamene kwabwera kaamba ka kugwira ntchito padzuwa popanda madzi akumwa, ubongo, chiwindi ndi impso zimayamba kuonongeka ndipo munthu afunika thandizo la kuchipatala mwamsanga.

Muyeso wa asidi m'magazi ndiye wopanikiza koposa, pakuti pH yake imayenera kukhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Mapapo ndiwo amayamba kuchitapo kanthu, m'mphindi zochepa chabe: asidi akachuluka, munthu amapuma mofulumira ndi mozama kuti atulutse mpweya woipa. Impso zimagwira ntchito yomweyo pang'onopang'ono, kwa maola kapena masiku, potaya asidi mu mkodzo ndi kusunga bicarbonate. Ziwalo ziwiri zimenezi, chilichonse chachikulu ngati chibakera, zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, koma pafupifupi onse zimawabwezera m'thupi, kungotaya lita imodzi ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Munthu akasowa madzi, ubongo umatulutsa homoni yolamula impso kuti zisunge madzi ochulukirapo, ndipo mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri.

Shuga wa m'magazi amayang'aniridwa ndi kapamba mothandizana ndi chiwindi. Munthu akadya, kapamba amatulutsa insulini yomwe imachititsa kuti shuga alowe m'minofu ndi kuti chiwindi chisunge wotsalayo. Akakhala osadya, kapamba amatulutsa homoni ina yotchedwa glucagon, ndipo ma enzayimu a m'chiwindi amatsegula nkhokwe ija. Kwa munthu wabwinobwino yemwe wagona osadya, shuga amakhala pakati pa mamilimolo 4 ndi 5.5 pa lita, ndipo akafika pa 7 kapena kupitirira pa kuyeza kobwereza, madotolo amati munthuyo ali ndi matenda a shuga. Frederick Banting ndi Charles Best anapatula insulini ku Toronto m'dziko la Canada m'chaka cha 1921, ndipo wodwala woyamba anabayidwa mu January 1922. Izi zisanachitike, ana odwala matendawa sankakhalitsa.

Matenda a shuga amaonetsa bwino momwe ziwalo zimalowerera pa vuto la chinzake. Insulini ikasowa, impso zimayesa kutaya shuga wochulukayo, choncho wodwala amakodza pafupipafupi ndi kumva ludzu losatha. Thupi limayamba kuphwanya mafuta m'malo mwa shuga, zomwe zimadzetsa asidi m'magazi, ndipo mapapo amayankha ndi kupuma kozama. Apa ndiye kuti njira zonse zodzitetezera zafika kumapeto.

Kolera imasokoneza muyeso womwewo mwaliwiro loposa. Poizoni wa kachirombo koyambitsa nthendayi amachititsa kuti enzayimu ina ya m'maselo a matumbo igwire ntchito mosalekeza, ndipo maselowo amataya madzi, mchere ndi bicarbonate mpaka malita ambiri pa tsiku. Magazi amachepa, asidi amakwera, impso zimaima, ndipo munthu wamkulu wamphamvu zake akhoza kumwalira tsiku lomwelo. Mliri wa kolera womwe unayamba m'dziko muno mu March 2022 unapha anthu opitirira 1,700. Komabe njira yomwe matumbo amalowetsera mchere pamodzi ndi shuga siionongeka ndi poizoniyu, ndipo madzi amatsatira mchereyo kulowa m'magazi. Apa ndi pomwe pagona mphamvu ya thanzi ORS. Muyeso wake uyenera kutsatidwa monga momwe walembedwera pa paketi, chifukwa shuga akachulukitsa amakokera madzi m'matumbo ndi kuwonjezera kutsegula m'mimba, pomwe mchere wochuluka ndi woopsa makamaka kwa ana aang'ono. Wodwala yemwe akusanza kwambiri kapena wafooka moti sangathe kumwa amafunika madzi a m'diripi kuchipatala.