Bulu amene mulibe mwa Mateyu

Tikamva za Yosefe, Mariya ndi mwana Yesu akuthawira ku Ejipito, ambirife timaona mai atakwera bulu, bambo ali patsogolo. Koma tikatsegula Mateyu 2:13-15, bulu mulibemo. Ndi mavesi atatu cabe: Yosefe acenjezedwa m'maloto, anyamuka usiku, akhala ku Ejipito mpaka Herode atamwalira. Maliko, Luka ndi Yohane sanalembeko za ulendowu.

Herode anali woopsa zoona. Josephus, wolemba mbiri waciyuda, analemba kuti mfumuyi inapha mkazi wake Mariamne ndi ana ake aamuna atatu powaganizira ciwembu. Wosamvera cisoni ana ake, wa mmisiri akanamuleka?

Pamene Mateyu sanakambepo, anthu anadzazapo okha. Ca m'ma 1305, Giotto anajambula Mariya ali pa bulu pa khoma la kachalichi ka Scrovegni ku Padua, m'dziko la Italy. Ojambula ena anaikamo nthano imene timaikonda: banjali linadutsa mlimi akufesa tirigu, tiriguyo n'kukula, n'kupsa nthawi yomweyo. Asilikali atafunsa, mlimi anayankha kuti anthuwo anadutsa iye akufesa. Bodza sananame, koma asilikali anabwerera poganiza kuti papita miyezi.

M'kupita kwa zaka, kuthawa kunasanduka kupumula. Ca m'ma 1597, Caravaggio anajambula mngelo akuliza vayolini, Yosefe atamugwirira buku la nyimbo, mai ndi mwana ali m'tulo. Cithunzi cokongola ndithu, koma ukaciona sungaganize kuti kumbuyoku kuli lupanga.

Kwa ife, amene anabwezeramo mantha aja ndi Henry Ossawa Tanner, wojambula wakuda wa ku America. Amai ake, Sarah, anabadwira mu ukapolo, ndipo anathawitsidwa ali mwana kupita kumpoto, kumene kunali ufulu. Iyenso anasamukira ku Paris mu 1891 atatopa ndi tsankho. Nkhani ya ku Ejipito anaijambula kangapo. M'cithunzi cake ca 1923, cimene cili ku Metropolitan Museum of Art ku New York, bulu alimo, koma ndi usiku wobiriwira, nkhope sizioneka bwino, ndipo banjali likudutsa m'mbali mwa khoma motsogozedwa ndi munthu wonyamula nyali.