Thangata ndi Mlendo: Mbiri ya Minda ya Tiyi ku Thyolo ndi Mulanje m'Mawu Aŵiri

M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti kusintha kwa ulimi m'minda ikuluikulu ya ku Thyolo ndi Mulanje kunasiya mapazi ake m'chiyankhulo. Titsata mawu aŵiri, *thangata* ndi *mlendo*, popeza loyamba likutikumbutsa chiyambi cha mindayi, ndipo lachiŵiri likutisonyeza kumene ina mwa iyo yaloŵera.

Kuyambira mu 1892, Harry Johnston anayamba kupatsa Azungu zikalata zowatsimikizira umwini wa malo m'mapiri a kum'mwera kwa Malaŵi. Mbewu yoyamba imene Azunguwo anadalira inali khofi, koma chitangopita chaka cha 1900 khofiyo anagwa chifukwa cha matenda, chilala ndi kutsika kwa mtengo. Tiyi, amene Henry Brown anadzala ku Mulanje mu 1891, ndiye anadzatenga malo ake pang'onopang'ono. Choncho kusiya ntchito imodzi ndi kugwira ina si chinthu chachilendo m'mindayi.

Mneni *kuthangata* poyamba ankatanthauza kuthandiza, monga mmene anansi amathandizirana kulima. Eni minda anatenga liwuli nalipatsa tanthauzo la ntchito imene munthu wokhala pa malo awo ankagwira m'malo mwa lendi. Ambiri mwa amene anasenza goli limeneli anali Alomwe ochokera ku Mozambique. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndipo anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Kufikira lero mneniyo akadali ndi tanthauzo lake labwino, koma dzina lakuti *thangata* linadetsedwa kotheratu. M'nthaŵi yomweyo mawu monga *kapitawo* ndi *dona*, ochokera ku Chipwitikizi, pamodzi ndi *bwana*, lochokera ku Chiswahili, anakhazikika pofotokoza maudindo a pa esiteti.

M'zaka za posachedwapa tiyi wakumana ndi mavuto ake: mitengo yotsika pa msika wa ku Limbe, mvula yosadalirika, ndi kukwera kwa ndalama zoyendetsera ntchito. Minda ina yadzala makademiya, ndipo ina yatsegula nyumba zake kwa anthu odzaona malo. Chitsanzo chodziŵika ndi Satemwa, munda umene Maclean Kay wa ku Scotland anayambitsa ku Thyolo mu 1923. Nyumba imene anamangira banja lake mu 1928, yotchedwa Huntingdon House, inasandutsidwa malo ogona alendo, ndipo zipinda zake zisanu zinapatsidwa maina a Chingerezi okumbutsa moyo wa banjalo. Ku Mulanje nako munda wa Lujeri unatsegula nyumba ya alendo m'munsi mwa phiri.

Apa ndi pamene liwu lathu lachiŵiri likuloŵera. *Mlendo* ndi *ulendo* ali ndi tsinde limodzi, logwirizana ndi mneni *kuyenda*, monga tiona pa *rwendo* wa Chishona ndi *ulwendo* wa Chibemba. Mlendo wa makolo athu sankalipira. Ankapatsidwa madzi, nsima ndi mphasa, chifukwa mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma pamene tinena *ntchito yokopa alendo*, tikunena za munthu woyembekezeredwa kusiya ndalama, ndipo mneni *kukopa* akuvomereza poyera kuti pali malonda. Malo ake ogona alibe dzina lachikale, pakuti *mphala* ndi *gowelo* sizikanayenera, motero tinabwereka *resitihausi*, *hotela* ndipo pambuyo pake *loji*. Tiona kuti mawu onse aŵiri anayenda njira yofanana, kuchoka pa chikhalidwe chothandizana kuloŵa m'chuma cha ndalama, ngakhale kuti *mlendo* sanataye ulemu wake.

Sitikutsutsa ntchito yatsopanoyi, pakuti imalemba anthu ntchito ndi kusunga nyumba zimene zikanagwa. Nkhaŵa yathu ili pa mbiri imene mlendo amamva. Akakhala pa khonde nayang'ana minda yobiriŵira, amamva m'Chingerezi za amene anamanga nyumbayo. Mbiri ya amene anagwetsa nkhalango, kuumba njerwa ndi kuthyola tiyi ili m'Chicheŵa, m'Chimang'anja ndi m'Chilomwe, m'nyimbo za pa ntchito, m'maina operekedwa kwa akapitawo, ndi m'mawu monga *mgwazo*. Anthu amene anaona thangata ndi maso awo tsopano apitirira zaka 70, ndipo akutha.

Tikupempha anzathu ofufuza ziyankhulo kuti tijambule ndi kulemba mawu a okalambaŵa tisanawataye, ndi kuti zotsatira zake zifike kwa achinyamata amene amaperekeza alendo m'mindayi. Anzathu a ku Zambia angachite chimodzimodzi ku Shiwa Ng'andu, nyumba ya Stewart Gore-Browne imene adzukulu ake anaitsegula kwa alendo, kuti tidzayerekeze mawu a Chibemba ndi athuŵa.