CHIKHULUPIRIRO PAKATI PA ABALE: MAYESO A AKRISTU A KU TSANGANO NDI MACANGA

Mbiri ya Eklezia kaŵirikaŵiri imasimbidwa potchula maina a ansembe ndi zaka zimene matchalitchi anamangidwa. Koma m'dziko la mapiri la Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete, chikhulupiriro chinayesedwa makamaka m'nyumba, pa bwalo la mudzi ndi pa maliro. Amene ankakokera Mkristu m'mbuyo anali anthu ake omwe: atsibweni ake, anzake a pa ubwana, nthaŵi zinanso mwamuna kapena mkazi wake.

Mbeu ya Mthenga Wabwino inafika ndi ansembe a Chipani cha Yesu, Ajezuiti, ochokera ku Boroma. M'zaka za 1908 ndi 1909 Bambo João Hiller anatsegula mishoni ya Fransisko Saveri Woyera ku Lifidzi, m'dziko la Angonia, limene Tsangano anali mbali yake kufikira 1986. Mbeuyo isanazike mizu, ufumu wa Portugal unagwa mu 1910, ndipo boma latsopano linathamangitsa Ajezuiti. Ansembe Achijeremani amene analoŵa m'malo mwao anachotsedwanso mu 1916 chifukwa cha nkhondo. Ajezuiti anabwerera mu 1941, ndipo mu 1945 anatsegula mishoni ya Fonte Boa ku Tsangano. Dayosizi ya Tete inakhazikitsidwa mu 1962. M'zaka zonsezi ansembe anali oŵerengeka ndipo midzi inali yotalikirana, kotero Mkristu watsopano ankatsala yekha pakati pa abale ake, pothaŵira pake pali katekisti basi.

MWAMBO WA MUDZI

Pakati pa Acheŵa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndiye atsibweni. Bambo wobatizidwa, pokhala mkamwini, analibe mau oletsa mwana wake wamwamuna kutengeredwa ku dambwe, kapena wamkazi kuperekedwa kwa anamkungwi. Ansembe a masiku amenewo ankaletsa Akristu kuloŵa gule, tsono mnyamata anayenera kusankha pakati pa sukulu ya mishoni ndi dambwe. Akasankha sukulu, anzake ankamuyesa mwana wosavinidwa, wosayenera kukhala pa bwalo la amuna. Mkangano womwewu unaoneka tsidya la malire, ku Mua, kumene Abambo Oyera ndi mafumu eni mizinda analimbana kwambiri m'zaka za m'ma 1920.

Panalinso zina. Mwamuna wa mitala wofuna ubatizo anayenera kutsala ndi mkazi mmodzi, ndipo abale a akazi enawo sankamukhululukira msanga. Mkazi wamasiye wokana chokolo ankatengedwa ngati woputira mudzi tsoka. Mwana akadwala, agogo ankakakamiza makolo kukaombeza ula kuti apeze mfiti. Mayeso oŵaŵa koposa ankadza pa maliro: wokana kuti zilombo zivine pa maliro a mai wake ankafunsidwa kuti tsiku lake likadzakwana adzukulu adzaŵapeza kuti. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mau ameneŵa ndi oona. N'chifukwa chake kukana mbale kunali kopweteka kupambana kukana mdani. Ambuye Yesu anachenjezeratu, monga alembera Mateyo Woyera m'mutu wa 10, kuti kuŵatsata iwo kudzagaŵanitsa anthu a nyumba imodzi. Ena anabwerera m'mbuyo. Ena anapirira, namapitabe kukathandiza pa maliro ndi pa dima, mpaka abale anazindikira kuti ubatizo sunaŵachotse pa mtundu.

Eklezia nayenso anaphunzira. Utatha Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani mu 1965, Misa inayamba kuperekedwa m'chinenero cha anthu, ng'oma zinaloŵa m'tchalitchi, ndipo alangizi achikristu anatenga ntchito yolangiza achinyamata. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni mu 1976 ofufuzirapo nzeru za makolo, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse. Ulemu kwa akulu, kulira pamodzi ndi kulera amasiye zinaoneka kuti ndi zogwirizana ndi Mthenga Wabwino. Zoyenera kuzikana zinatsala zomwe zija: kunamizirana ufiti, kukakamiza mkazi wamasiye, ndi mantha oiŵalitsa Mulungu.

ULENDO WA KU NTCHITO

Mayeso achiŵiri anadza ndi msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Amuna ambiri anathaŵira ku Nyasaland, ena anapita ku minda ya ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni. Kumeneko kunalibe atsibweni kapena katekisti, kunali anzao okha. Moŵa wa tsiku la malipiro, juga ndi akazi a m'komboni zinasandutsa ambiri matchona, oiŵala mkazi wa ukwati woyera ndi ana kumudzi. Koma analiponso osunga kolona m'thumba, osonkhanitsa anzao tsiku la Mulungu, amene pobwerera anakhala mizati ya masukulu a m'midzi. Akazi otsala, amene abale ankaŵaumiriza kukwatiwanso, anasenza mtanda wao mwakachetechete, ndipo ambiri mwa iwo ndiwo anaphunzitsa ana katekisimu.

BOMA LATSOPANO NDI NKHONDO

Mozambique analandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. Mu 1977 chipani cha Frelimo chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin. Chodabwitsa n'chakuti tchalitchi ndi miyambo ya makolo zonse zinaikidwa m'dengu limodzi, kuti ndi zinthu za mdima zobweza anthu m'mbuyo. Matchalitchi ena anatsekedwa. Mphunzitsi kapena mlembi wopita ku Misa ankaopa kutaya ntchito, ndipo omulangiza kuti abise ubatizo wake anali anzake omufunira zabwino.

Mu Sepitembala 1977 Eklezia wa m'dziko lonse anasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti moyo wachikristu ukhazikike m'miphakati, momwe Akristu eni ake azitsogolera mapemphero, kuphunzitsa akatekumeni ndi kuika maliro. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itafika, miphakatiyi ndiyo inasunga moto.

Mishoni ya Lifidzi italandidwa, ansembe aŵiri anakakhala pafupi, ku Chapotera: Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia wobadwa mu 1930, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, wobadwa mu 1941. Anakhalabe ndi anthu ao zinthu zitaipa, osaleka kudzudzula nkhanza. Pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anaŵatenga naŵapha. Mitembo yao inapezeka pa 4 Novembala, niikidwa ku Ulongwe. Mu 2021 Ambuye Diamantino Antunes, Episkopi wa Tete, anatsegula kafukufuku woti aŵiriŵa adzatchedwe Odala.

Nkhondo itakula mu 1986, midzi yambiri inasamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo othaŵa a ku Mozambique okhala m'Malaŵi anafika pafupifupi miliyoni imodzi. M'misasamo akatekisti anasonkhanitsanso anthu pansi pa mitengo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera napeza nyumba zogumuka, koma mapemphero sanaŵaiŵale.

Zaka zoposa zana zapita chifikire Mthenga Wabwino m'mapiri ameneŵa. Chibalo chinatha, nkhondo inatha, koma mai wokalamba wonamiziridwa ufiti, mnyamata wokokedwa ndi anzake ku moŵa, ndi mkazi wamasiye wolandidwa katundu akalipo m'midzi. Makolo m'chikhulupiriro anasiya chitsanzo chake: kukana choipa popanda kudana ndi mbale wochibweretsa. Cholowa chimenechi chili tsopano m'manja mwa adzukulu ao.