Kulumikiza matumbo pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya rectum

Rectum, chigawo chomaliza cha thumbo lalikulu, ndiyo nkhokwe ya chimbudzi. Madokotala akaichotsa chifukwa cha khansa, amalumikiza thumbo lotsalalo ndi potulukira chimbudzi. Kulumikiza mowongoka n'kosavuta, koma nkhokwe ija imakhala yapita: wodwala amapita kuchimbudzi pafupipafupi, nthawi zina kudziyipitsira asanafike n'komwe.

Mu 1986 madokotala a ku France, Lazorthes ndi Parc, aliyense ndi gulu lake, anafotokoza njira yopinda thumbo ngati chilembo J kuti pakhale kathumba kosungiramo. Masiku ano kathumbako kamakhala ka masentimita 5 kapena 6, poti kakakula kwambiri, chimbudzi chimavuta kutuluka. Ena amalumikiza thumbo cham'mbali, ndipo zotsatira zake n'zofananako. Phindu la kathumba limaoneka kwambiri chaka choyamba. Pakatha zaka ziwiri kusiyana kumachepa, chifukwa thumbo lowongoka nalo limazolowera.