Kamphika ka bonsai nako kali ndi mbiri

Anzanga a m'gulu, sabata ino tiyeni ku Japan. Munaonapo pa zithunzi timitengo ta bonsai tija, tokalamba koma tosatalika? Inu mumayang'ana mtengowo, koma ife amalonda diso limathamangira pa mphika. Ndipo sitikulakwa, chifukwa dzina loti bonsai limatanthauza chodzalidwa m'mbale.

Lusoli linachokera ku China. Kwa zaka zambiri Ajapani ankaitanitsa miphika ya ku Yixing, youmbidwa ndi dongo lofiirira. Yomwe inafika kalekale amaitcha kowatari, ndipo ina mtengo wake umaposa wa kamtengo kodzalidwamo!

Kenako tauni ya Tokoname, yomwe yakhala ikuumba mbiya kuyambira m'ma 1100, inaulanda msikawo. Woumba amakanikiza dongo m'chikombole ndi manja, amaboola pansi kuti madzi azituluka, n'kuwonjezera timabowo ta waya womangira mizu. Wodzalamo paini nthawi zambiri saupaka zonyezimira, umangotsala dongo lowotcha basi.

Lero oumba a ku Tokoname akukalamba, olowa m'malo ndi ochepa. Ogula ambiri akuthamangira miphika yotchipa ya m'mafakitale, yochokeranso ku China komwe kuja.