Chimene chinachititsa kuti demokalase ya ku Athens ikhalitse

Munthu akamva kuti ku Athens wakale nzika zinkapanga zokha malamulo popanda aphungu, amayamba wakayika. Anthu masauzande angagwirizane bwanji pa nkhani ya nkhondo kapena ya misonkho? Komatu ulamuliro umenewu unayamba ndi kusintha kumene Cleisthenes anabweretsa cha m'ma 508 BC, n'kukhalapo mpaka 322 BC pamene asilikali a ku Macedonia anauthetsa. Ndi zaka zoposa 180, ndipo olemera ochepa anaulanda kawiri kokha, mu 411 ndi mu 404 BC, koma sanakhalitse. Ine ndikuona kuti unalimba pa zifukwa ziwiri: nzika wamba zinkaphunzira kulamulira pogwira ntchitoyo, ndipo ogamula nkhani anali omwewo odzasenza zotsatira zake.

Kuchepa kwa anthu kunathandiza ndithu. Dera lonse la Attica linali pafupifupi masikweya kilomita 2,500, ndipo m'zaka za m'ma 300 BC amuna oyenera kuvota analipo pafupifupi 30,000. Msonkhano wa nzika unkachitikira pa kaphiri ka Pnyx maulendo pafupifupi 40 pachaka. Aliyense ankaloledwa kuimirira n'kulankhula, ndipo povota ankakweza manja. Komabe kuchepako sikungafotokoze zonse, chifukwa mizinda yambiri ya Agiriki yocheperapo kuposa Athens inkalamulidwa ndi mabanja olemera ochepa.

Chimene chinasiyanitsa Athens ndi maere. Cleisthenes anagawa nzika m'mafuko 10 atsopano, ndipo fuko lililonse linasakaniza midzi ya mumzinda, ya kugombe ndi ya kumtunda, kuti akuluakulu a dera limodzi asakhale ndi gulu lawolawo. Fuko lililonse linkatumiza anthu 50 osankhidwa mwamaere ku khonsolo ya anthu 500, yomwe inkakonza nkhani zokakambidwa pamsonkhano. Munthu ankakhalamo chaka chimodzi, ndipo sankaloledwa kulowamo koposa kawiri pa moyo wake. Wapampando ankasintha tsiku lililonse. Tawerengani nokha: mipando 500 chaka ndi chaka pakati pa anthu 30,000. Ndiye kuti ambiri mwa okhala pa Pnyx anali atalandirako akazembe a mayiko ena, kapena ataonako mmene ndalama za boma zimayendera. Wolankhula wochenjera sakanawapusitsa mosavuta. Pa ntchito zofuna luso lapadera, monga utsogoleri wa nkhondo, ankachita chisankho chenicheni, n'chifukwa chake Pericles anasankhidwa zaka zambiri zotsatizana.

Maere akanakhala opanda ntchito zikanakhala kuti wosauka sangathe kusiya munda wake. Pericles anayambitsa zolipira oweruza milandu, omwenso ankasankhidwa mwamaere, ndipo cha m'ma 400 BC anayamba kulipiranso obwera kumsonkhano. Ndalamayo inali yochepa, koma inkathandiza kuti mmisiri kapena mlimi asagone ndi njala chifukwa chotumikira mzinda.

Chifukwa chachiwiri chinachokera kunyanja. Mu 483 BC anapeza siliva wambiri ku migodi ya Laurion, ndipo Themistocles anakopa msonkhano kuti ndalamazo akhomere zombo zankhondo m'malo mozigawana. Zombo zimenezi ndi zimene zinagonjetsa Aperisi ku Salamis mu 480 BC. Chombo chilichonse chinkafuna opalasa 170, ndipo ambiri anali nzika zosauka zosatha kugula zida. Chitetezo cha mzinda chitadalira manja a osauka, kunali kovuta kuwamana mawu. Komanso munthu wokweza dzanja kuvomereza nkhondo ankadziwa kuti wokagwira nkhafi ndi iyeyo kapena mwana wake.

Sikuti ankagamula bwino nthawi zonse. Mu 406 BC, itatha nkhondo ya ku Arginusae, anapha atsogoleri ankhondo 6 atawaweruzira pamodzi, zomwe zinali zosemphana ndi malamulo awo omwe. Mu 399 BC bwalo la nzika linagamula kuti Socrates aphedwe. Koma dongosololi linali ndi njira zodzikonzera. Mu 427 BC msonkhano unavota kuti amuna onse a ku Mytilene aphedwe chifukwa choukira. Tsiku lotsatira anakumananso, nasintha maganizo, ndipo chombo chachiwiri chinathamanga n'kukafika chilangocho chisanachitike, ngakhale kuti amene ankawaona ngati atsogoleri a kuukirako anaphedwabe. Aliyense wokhala pa udindo ankafufuzidwa chaka chake chikatha, ndipo wobweretsa ganizo losemphana ndi malamulo ankatha kuimbidwa mlandu ndi nzika mnzake.

Pali mtengo umene ena analipira. Akazi, alendo okhazikika mumzinda ndi akapolo analibe voti, chikhalirecho onse pamodzi anali ochuluka kwambiri kuposa ovotawo. Siliva wa ku Laurion ankakumbidwa ndi akapolo, ndipo m'zaka za m'ma 400 BC Athens ankalandira msonkho kuchokera ku mizinda imene ankaitcha abwenzi. Pamenepa mfundo ija yakuti ogamula ndi omwewo osenza zotsatira inkathera pa malire a unzika. Kapolo wa mumgodi ankasenza katundu wa zigamulo zomwe sanafunsidwepo.

Choncho tikamayamikira Athens tiziyamikira chimene anakwanitsadi. Anaonetsa kuti mlimi, woumba mbiya ndi wopalasa chombo angathe kuyendetsa boma ngati apatsidwa mpata wophunzira, nthawi yotumikira, ndi udindo woyankha pa zimene agamula. Funso limene anatisiyira ndi lakuti ndani ayenera kuwerengedwa tikamati "anthu".